Kodi azachuma anakopera masamu a fizikisi?

Aphunzitsi ena a fizikisi a kuno ku Mangochi anditumizira imelo. Akuti mwana wawo akuphunzira zachuma ku koleji, ndiye atasuzumira m'makope mwake anadabwa kupezamo masamu ofanana ndi amene iwo amaphunzitsa. Funso lawo ndi lakuti, kodi zinangochitika mwangozi, kapena alipo anakopera mnzake?

Aphunzitsi, maso anu sanakunamizeni. Kukopera kunalipo, ndipo okoperawo sankabisa.

Isaac Newton atafotokoza kayendedwe ka mwezi ndi dziko pogwiritsa ntchito malamulo ochepa chabe, ophunzira ambiri anasirira. Pofika m'ma 1870, akatswiri a zachuma William Stanley Jevons wa ku England ndi Léon Walras, Mfalansa amene ankaphunzitsa ku Lausanne m'dziko la Switzerland, anayamba kuuona msika ngati sikelo: ogula mbali iyi, ogulitsa mbali inayo, mtengo n'kukhazikika pamene mbali ziwirizo zalemera mofanana.

Koma amene amandisangalatsa ine ndi Irving Fisher, katswiri wa zachuma wa ku America. Iyeyu anamaliza digiri yake ya ukachenjede ya PhD ku yunivesite ya Yale mu 1891, ndipo mmodzi mwa omuphunzitsa anali Josiah Willard Gibbs, katswiri wa fizikisi. Fisher sanalekere pa pepala. Anakonza makina a madzi enieni, okhala ndi timathanki ndi zoyandama, oti madzi akakhazikika munthu n'kuwerengapo mitengo ya katundu. Mu 1949 wazachuma wina, Bill Phillips, anapanganso ake ku London, momwe madzi oyenda m'mapaipi ankaimira ndalama za dziko.

Ife a kuno zimenezi sizingativute kumva. Shire amatuluka m'nyanja ya Malawi kulowera ku Malombe chifukwa madzi amatsata kotsika. Usipa nawo uli ndi kotsika kwake: ukachuluka padoko n'kutchipa, ageni amaupakira ulendo wa ku Limbe komwe uli ndi mtengo. Mwera ukawomba masiku angapo, asodzi osalowa pamadzi, mtengo umakwera popanda wolamula. Mpaka apa fanizo la madzi likugwira ndithu.

Ndisaiwale, nthawi zina azachuma ndi amene ankatsogola. Louis Bachelier analemba masamu a kudumphadumpha kwa mitengo pamsika wa masheya wa ku Paris mu 1900, pomwe Albert Einstein anadzalemba masamu otero a tizinthu tovinavina m'madzi mu 1905. Ena anachita kusamuka kuchoka ku fizikisi kupita ku zachuma: Jan Tinbergen, mmodzi mwa awiri oyamba kulandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 1969, anayambira fizikisi ku yunivesite ya Leiden ku Netherlands.

Pamene ine ndimasiyana nawo ndi apa: madzi samva mphekesera. Shire sasefukira lero chifukwa wamva zoti mawa kugwa mvula. Koma wagolosale akangomva kuti kwacha igwa, amakweza shuga lero lomwe, kapena kumubisa kumene. Amene munaliona tsiku lija kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mukudziwa mmene mitengo inathamangira, ngakhale ya katundu amene anali kale pashelefu. Kamwala kogwa sikasintha njira chifukwa kawerenga zimene wasayansi walemba za iko, pomwe munthu amasintha.

Mwana wanuyo aphunzire masamuwo, ndi othandiza. Koma mumuuzekonso zimene zinamuonekera Fisher yemwe uja. Mu Okutobala 1929 analengeza poyera kuti mitengo ya masheya yafika pamwamba pokhazikika. Patangopita masiku ochepa msika wa masheya wa ku New York unagwa, chuma chake chambiri n'kupita nawo. Nyumba yomwe ankakhalamo anachita kumugula a yunivesite ya Yale, iye n'kumakhalamo ngati walendi.