Kompyuta yongomanga kumene ikuzima ikangoyaka, musagule kaye power supply ina

Achimwene, ndawerenga zomwe mwalembazi. Mwati mwamanga nokha kompyuta, Ryzen 5 5600 pa motherboard ya B550, ma RAM awiri a DDR4, graphics card ndi power supply ya 650W, zonse zatsopano za m'mabokosi, koma mukadina batani mafani amazungulira, timagetsi timayaka, kenako pakangopita kanthawi zii yazima, pa sikirini osaoneka kalikonse. Ndiye ndaona ena akukuuzani kuti power supply ndiyofa mukagule ina. Ine ndikuti dikirani kaye, ndalamazo zisungeni. Kompyuta yongomanga kumene ikamatere nthawi zambiri palibe chafa, pamakhala kachinthu kamodzi komwe sikanalowe bwino kapena kagunda posayenera, ndipo 650W pa makina ngati amenewa nthawi zambiri imakwanira.

Chinthu chomwe simunatiuze ndipo ndichofunika kwambiri ndi ichi, imatenga nthawi yaitali bwanji isanazime? Tengani foni muyike stopwatch, dinani batani muwerenge. Chitani kangapo muone ngati nthawiyo ikufanana. Masekondi amenewo ndi amene akuuzeni kolowera, chifukwa kompyuta yozima pasanathe sekondi imodzi ndi yozima patapita masekondi 30 matenda ake ndi osiyana kutalitali.

Ngati ikungoti thethe, fani kugwedezeka pang'ono basi n'kuzima, mwinanso power supply kumveka kuti tcha, ndiye kuti penapake pali shoti ndipo power supply ikudula dala kuti zinthu zisapse. Apa woyamba kumukayikira ndi timiyendo tija timamangidwa pa kesi pansi pa bodi, ma standoff. Makesi ambiri amabwera atamangiratu ma standoff, inu mukayikapo bodi yanu kamodzi kakhoza kukhala pamalo pomwe bodi ilibe bowo, ndiye kamagunda kunsi kwa bodi komwe kuli timizere ta magetsi. Simungakaone bodi ili m'malo, mpaka muichotse. Werengani mabowo a bodi, werengani ma standoff, afanane ndendende ndipo aliyense akhale pansi pa bowo lake. Komanso kasikuluu kogwera kuseri kwa bodi kamachita zomwezi. Yang'ananinso kachitsulo kakumbuyo kaja kotchinga ma port, kali ndi timalilime tomwe timakonda kupindikira mkati mwa USB kapena HDMI polowetsa bodi. Mabodi a ASUS akapeza zotere pa USB amalemba pa sikirini kuti over current kenako n'kuzima patapita masekondi 15.

Pa nkhani ya mawaya ndikufuna ndichedwepo chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagwa. Bodi imafuna mawaya awiri ochokera ku power supply, wamkulu uja wa mapini 24 ndi wina wa mapini 8 wa CPU womwe umalowa pamwamba kumanzere, pakona yothina yomwe dzanja limavuta kufikapo. Wa CPU uja anthu amauiwala, kapena amaulowetsa theka chifukwa cha kuthinako. Ndiye pali wina wofanana nawo kwambiri wa graphics card, nawonso mapini 8. Kusiyana kwake muone momwe mutu wake umagawikira, wa CPU umagawika 4 ndi 4, wa graphics card umagawika 6 ndi 2, ndipo nthawi zambiri pamutupo pamalembedwa CPU kapena PCI-E. Mkati mwake 12V ndi ground zili mosemphana, ndiye mukaukakamiza wolakwika ndi shoti yomweyo. Wa mapini 24 uja ndi wolimba, umafuna mugwire bodi kunsi ndi chala n'kukanikiza mpaka kaloko kake ka pulasitiki kakole, pasatsale mpata ngakhale pang'ono pakati pa mutu ndi soketi. Ndipo ngati power supply yanu ndi ya modular, ija mawaya ake amazuka, chonde chonde musagwiritse waya wa power supply ina ngakhale ukulowa bwinobwino. Mbali yolowa ku power supply makampani amalumikiza mosiyana, nthawi zina ngakhale kampani imodzi yomweyo pa mitundu iwiri, ndipo zimenezi zimawotcha SSD ndi bodi zenizeni. Onaninso kuti mbali ya ku power supplyko mawaya alowa mpaka kumapeto.

Ikamazima patapita masekondi 4 kapena 5 nthawi zonse osasintha, ganizirani batani la kesi. Mukudziwa kuti kompyuta iliyonse mukagwira batani osalisiya kwa masekondi pafupifupi 4 imazima, ndiye batani likakanirira mkati, kapena timawaya take tagundana, bodi imaona ngati mwaligwira. Kuyesa kwake n'kosavuta, zulani timawaya tonse ta front panel, tija tochokera ku mabatani ndi timagetsi ta kutsogolo kwa kesi, pezani mapini awiri olembedwa PWR_SW kapena PWR_BTN m'kabuku ka bodi, muwagunditse ndi nsonga ya screwdriver kamodzi n'kuchotsa. Ikayaka n'kukhazikika basi mwapeza.

Tsopano ngati ikukhala kanthawi ndithu, masekondi 20, 30, mphindi imodzi, kenako n'kuzima, ndipo mukayatsanso pompo ikuzima msanga kuposa poyamba, kumeneko ndi kutentha. CPU ikafika cha m'ma 90 digiri imayamba kudzichepetsa liwiro, ikapitirirabe imazimitsa makina kuti isapse, ndipo popanda cooler yogunda bwino imafika kumeneko mwachangu zedi. Masulani cooler muyang'ane kunsi kwake. Ma cooler ambiri ogula padera amabwera ndi kapepala ka pulasitiki koonekera mkati komata pa chitsulo, kolembedwa kuti chotsani musanayike, ndipo kamaiwalika kwambiri chifukwa sikaoneka msanga, munthu amapaka thermal paste pamwamba pa kapulasitikiko n'kumanga. Mukamasula muonenso momwe paste yafalikira. Ikakhala yaphwatalala mopyapyala pa CPU yonse ndiye kuti cooler imagunda bwino, koma ikakhala mbali imodzi yafinyika mbali ina ili chiunjikire ndiye kuti inakhala mopendekeka. Ngati mukugwiritsa cooler yobwera ndi Ryzen yomweyo, ija ya masikuluu anayi, paste inapakidwa kale, timapulasitiki tiwiri takuda ta pa bodi mumachotsa koma chitsulo cha kuseri kwa bodi chimatsala chifukwa masikuluu amamanga m'menemo. Mangani modumphanitsa, kona iyi pang'ono kenako yoyang'anana nayo, osamaliza imodzi kaye. Waya wa fani ulowe pa CPU_FAN osati pa SYS_FAN kapena CHA_FAN, mabodi ena akapanda kuona fani pamenepo amadandaula kapena kukana kupitirira.

Pochotsa coolerpo samalani, pa AM4, soketi ya Ryzen yanuyi, mapini ali pa CPU ndipo paste imamata, mukangokoka molunjika CPU imazuka limodzi ndi cooler loko ili chitsekere. Ipotozeni pang'ono uku ndi uku kaye kenako muikweze. Poti mwafika kale pamenepo itulutseni CPU muipendeke pa kuwala, muyang'ane mizere ya mapini kuchokera m'mbali, alipo 1331 ndipo imodzi yokha yopindika imaoneka chifukwa imanyezimira mosiyana ndi anzake. Pobwezera, katrayango kagolide ka pakona kayang'anane ndi kachizindikiro ka pa soketi, ndipo iyenera kugwera yokha osakanikiza.

Pali mtundu winanso, ija imayaka, kuzima, n'kudziyatsanso yokha, mobwerezabwereza. Imeneyo kawirikawiri ndi RAM. Poyamba dziwani kuti bodi yatsopano ikamayaka koyamba imayesa RAM kaye ndipo ikhoza kuzima n'kuyaka kawiri katatu, zimenezo si vuto, ipatseni mphindi zingapo musanaithamangire ku switch.  Koma ikapitirira osatha, chotsani RAM imodzi mutsale ndi imodzi, muyike pa slot yachiwiri kuchokera ku CPU, imalembedwa A2. Kanikizani mwamphamvu ndithu mbali zonse mpaka imveke kuti tcha, anthu amaopa kuthyola ndiye amaisiya ili m'mwamba mbali imodzi, makamaka pa mabodi omwe loko ili mbali imodzi yokha. Ikakana yesani inzake, ikakananso yesani slot ina. Zonse ziwiri zikamabwerera zikhale pa A2 ndi B2, yachiwiri ndi yachinayi, pokhapokha kabuku ka bodi yanu kakunena zina. Musanayese chitani clear CMOS, kubwezera ma setting a bodi momwe anabwerera, zulani waya wa kukhoma, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 kwa mphindi zingapo n'kubwezera, kapena gunditsani mapini awiri a CLR_CMOS. XMP, setting yokweza liwiro la RAM, muisiye kaye mpaka makina akhazikike.

Bodi yanu ngati ili ndi timagetsi tinayi tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, nthawi zambiri kumanja chapafupi ndi waya wa mapini 24, muone kamene kamakhala chiyakire isanazime. Timayaka motsatana pamene bodi ikuyesa chinthu chilichonse, pomwe yaima ndi pomwe pali nkhani.

Kakayima pa CPU koma mapini ali bwino ndipo waya wa mapini 8 walowa, ganizirani BIOS, kapulogalamu ka m'bodi komwe kamayatsa makina. Mabodi a B550 anatuluka pakati pa 2020, ma Ryzen 5000 anabwera kumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo 5600 yanuyo inatuluka mu 2022, ndiye bodi yomwe inakhalitsa m'sitolo ikhoza kukhala ndi BIOS yakale yosaidziwa CPU imeneyi. Onani pa bokosi ngati pali chomata cholembedwa Ryzen 5000 Desktop Ready. Ngati palibe, mabodi ambiri a B550 ali ndi kabatani kumbuyo kolowetsera BIOS popanda kufika pa sikirini, ASUS amati BIOS FlashBack, Gigabyte amati Q-Flash Plus, MSI amati Flash BIOS Button. Mumakopera fayilo ya bodi yanu yeniyeniyo pa webusayiti yawo, kuisintha dzina momwe kabuku kanenera, kuyika pa flash ya FAT32, kulowetsa pa USB yosankhidwayo n'kudina kabataniko. Kagetsi kakamaphethira osakhudza chilichonse, magetsi akaduka pakati mukhoza kuwononga bodi.

Kunena zoona ine ndikanakhala pamenepo sindikanayamba n'kusuzumira m'kesi ndi tochi, ndikanatulutsa zonse. Ikani bodi pamwamba pa katoni yake, pakhale CPU ndi cooler, RAM imodzi, waya wa 24 ndi wa 8, graphics card ndi waya wake, basi. SSD ayi, mafani a kesi ayi, ma RGB ayi, waya wa USB wakutsogolo ayi. Graphics card ikufunika chifukwa 5600 ilibe graphics yamkati, ndipo pachifukwa chomwecho HDMI ilowe pa kadi osati pa bodi, mukailowetsa pa bodi simudzaona chithunzi ngakhale zonse zili bwino. Yatsani ndi screwdriver muja ndanenera. Ikafika mu BIOS, pitani pomwe imaonetsa kutentha mukhale mukuyang'ana kwa mphindi zingapo, ikakhazikika cha m'ma 30 mpaka 50 zili bwino, ikamakwera osaima zimitsani mubwerere ku cooler. Kenako muzibwezera chinthu chimodzi chimodzi mukuyatsa, chomwe chizimitse makina ndi chomwecho. Zikatheka zonse panja koma n'kukana mukabwezera m'kesi, ndiye ndi standoff kapena mawaya a kesi. Zimaoneka ngati ntchito yambiri kumasula zomwe mwavutika kumanga, ndikumvetsa, koma zimathera pa ola limodzi pomwe kungoganizira kumatha masiku. Nthawi iliyonse musanagwire mkati zimitsani switch ya power supply, zulani kukhoma, dinani batani kangapo kuti magetsi otsalira athe.

Power supply ija tiifikire pomaliza. Ikhoza kukhaladi yofa, zatsopano nazo zimabwera zolakwika nthawi zina. Izuleni ku chilichonse, pa mutu wa mapini 24 lumikizani pini 16 ndi ground pogwiritsa kawaya kapena paperclip, pa mawaya amitundu ndi wobiriwira ndi wakuda uliwonse, koma ngati onse ndi akuda tsatirani chithunzi cha m'kabuku osangoganiza. Mukailowetsa kukhoma n'kuyatsa switch yake, fani ikazungulira ndiye kuti imayaka, ngakhale zina fani yake siizungulira pakakhala palibe katundu ndiye multimeter ndiyo inganene zoona, 12V izikhala pakati pa 11.4 ndi 12.6. Koma mayeso amenewa amangosonyeza kuti siinafe kotheratu, sakutsimikiza kuti ipirira graphics card ikayamba kukoka. Njira yabwino ndi kubwereka ya mnzanu yomwe ikugwira ntchito, ndi mawaya ake omwe, muyese. Ndipo musaitsegule mkati mwake, ma capacitor amasunga magetsi oopsa ngakhale mwaizula, komanso warranty imathera pomwepo.

Ikapezeka kuti ndi yofadi, kapena bodi, bwezani komwe munagula akusinthireni poti zonse ndi zatsopano, nchifukwa chake mabokosi ndi malisiti musataye. Pakadali pano tiuzeni masekondi aja, dzina lonse la bodi ndi la power supply, kagetsi komwe kakutsala koyaka, ndipo mujambule bodi yonse kuchokera pamwamba kuti kona ya waya wa CPU ija ioneke bwino.