Galasi la kumbuyo la Peugeot 404: musamate ndi silikoni

Achimwene a ku Ulóngwè, mwafunsa ngati mungamate galasi la kumbuyo la Peugeot 404 yanu ndi silikoni poti labala wakale wang'ambika. Chonde musatero. Silikoni wamba, uja wonunkha ngati viniga, amatulutsa asidi amene amachititsa chitsulo dzimbiri, komanso penti sagwira pamene iye wapakidwa. Pa galimoto za nthawi imeneyo galasi limagwidwa ndi labala, ndiye funani labala watsopano basi, ngakhale mutatuma munthu ku Tete kapena ku Lilongwe.

Yambani mwapala dzimbiri lonse m'mphepete mwa chitsulo, mupake pulaimala (penti woyamba wa pansi) ndi penti, ziume bwinobwino. Ambiri amapupuluma pamenepa, mvula ya Januwale ikabwera madzi n'kumalowa.

Labalayo muyanike padzuwa kuti afewe, mumuveke pagalasi, kenako mulowetse chingwe cholimba mumpata momwe mudzalowe chitsulo, kuzungulira konse, nsonga ziwiri zipingasane pakati cha m'munsi. Pakani madzi a sopo. Oyilo wa injini amawononga labala. Ikani galasilo pamalo pake, nsonga za chingwe zili mkati mwa galimoto. Mnzanu azilikankha kunja ndi zikhatho, inu muli mkati muzikoka chingwe pang'onopang'ono, uku pang'ono, uko pang'ono. M'makona mufatse kwambiri. Nyundo isayandikire n'komwe: galasi la kumbuyo ndi lolimbitsidwa ndi moto kufakitale, silidulika, likagundidwa m'mphepete limangoti phwaa tizidutswa tokhatokha, ndipo la 404 silipezeka wamba masiku ano.

Likakhala m'malo, finyirani phala la butyl (lomatira magalasi a galimoto, losauma) pansi pa mlomo wa labala, kenako thirani madzi ndi ndowa muone ngati akudontha mkati.