Kodi amishonale a malaya oyera aja ndi amodzi ndi mneneri wa mitala uja?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Akuti mlongo wawo wayamba kupemphera ndi anyamata aja oyenda awiriawiri, ovala malaya oyera ndi tayi, okhala ndi kabaji kakuda pachifuwa. Ndiye tsiku lina mayiwo anaonera pa YouTube nkhani ya mneneri wa a Mormon, Warren Jeffs, yemwe anakwatira akazi ambirimbiri, ena ana aang'ono, ndipo pano ali kundende. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi mpingo wake ndi womwewo? Ndimuletse?"

Mayi, mtima ukhale m'malo, mpingo wake si womwewo. Anyamata mukuwaonawo ndi a Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a M'masiku Otsiriza, womwe likulu lake lili ku Salt Lake City ku Utah, ndipo uli ndi anthu oposa 17 miliyoni. Warren Jeffs ndi mtsogoleri wa kagulu kena kotchedwa FLDS, ka anthu masauzande ochepa chabe. Koma ndingakunamizeni nditanena kuti palibe ubale. Onsewa ndi ana a bambo mmodzi, anangokangana pa chuma cha masiye.

Bambo wakeyo ndi Joseph Smith. Iye ankati mngelo anamuonetsa mapale agolide okwiriridwa paphiri lina ku New York, ndipo zomwe anamasulira pamapalewo ndizo zinakhala Buku la Mormon mu 1830. Pa 6 April chaka chomwecho anayambitsa mpingo. Chomwe chinasiyanitsa mpingowu ndi ina n'chakuti Smith sankangolalikira Baibulo. Ankati Mulungu akulankhula naye lero lino, ndipo mavumbulutso ake ankalembedwa n'kukhala malemba. Mfundo imeneyi muigwiritsitse, chifukwa kugawikana konse kwachokera pamenepa. Mpingo ukakhala kuti umayendera mawu a mneneri wamoyo, mneneriyo akafa funso limakhala limodzi: tsopano Mulungu azilankhula ndi ndani?

Smith anaphedwa pa 27 June 1844, gulu la anthu litathyola ndende ya Carthage ku Illinois. Anafera limodzi ndi mkulu wake Hyrum, yemwe ambiri ankaona kuti ndiye akanalowa m'malo. Mwana wake wamkulu, Joseph Smith III, anali ndi zaka 11 zokha. Amene munaonapo mfumu itamwalira osatchula wolowa ufumu mukudziwa zomwe zimachitika manda asanaume. Wina amati ndine mphwake, wina ndine nduna yaikulu, wina amati malemu anandinong'oneza ali gone.

Ku Nauvoo, mzinda wawo, zinali choncho. Pa 8 August 1844 anthu anasonkhana pabwalo. Sidney Rigdon, yemwe anali phungu wamkulu wa Smith, anaima n'kulankhula nthawi yaitali, kupempha kuti akhale mlonda wa mpingo. Kenako Brigham Young, mkulu wa atumwi 12, anati makiyi a ufumu ali m'manja mwa atumwiwo, osati mwa munthu mmodzi. Khamulo linakweza manja kuvomereza Young. Patapita zaka, ena omwe analipo anayamba kusimba kuti tsikulo mawu a Young ankamveka ngati a Joseph weniweni. Kwa ine nkhani zokumbukiridwa mochedwa chonchi, wopambana atadziwika kale, ndimazimvera ndi khutu limodzi. Mulimonsemo, Young anatsogolera gulu lalikulu kuwoloka chipululu mpaka kukafika ku chigwa cha Salt Lake mu July 1847. Amenewo ndiwo makolo a amishonale a mlongo wanu.

Otsalawo sanangokhala. James Strang, yemwe anali atangobatizidwa miyezi yochepa, anatulutsa kalata yomwe ankati Smith anamulembera kumusankha. Anati mngelo anamudzoza, ndipo nayenso anafukula mapale ake ku Voree, Wisconsin. Musaseke, anthu ambiri anamutsatira, ngakhale ena a m'banja la Smith kwa kanthawi, poti iye yekha ndiye ankachita zomwe Joseph ankachita. Anasamutsira anthu ake pachilumba cha Beaver m'nyanja ya Michigan, mu 1850 anamuveka chisoti chaufumu, ndipo mu 1856 anawomberedwa ndi anthu omwe anali ake omwe. Otsatira ake alipobe, ochepa kwambiri. Rigdon anapita ku Pittsburgh, mpingo wake unabalalika, koma mmodzi wa anthu ake, William Bickerton, anatola zotsalazo n'kukhazikitsa The Church of Jesus Christ mu 1862. Likulu lake lili ku Monongahela, Pennsylvania. Amawerenga Buku la Mormon, koma mitala anaikana kuyambira pachiyambi.

Nthambi yachiwiri kukula inachokera kwa omwe ankati ufumu ndi wa magazi. Mkazi wa Smith, Emma, sankagwirizana ndi Young ndipo anatsala ku Nauvoo. Mwana uja atakula, pa 6 April 1860 ku Amboy, Illinois, analandira utsogoleri wa mpingo "wokonzedwanso", womwe kwa zaka zambiri unkadziwika ndi zilembo zoti RLDS. Mpingowu unkatsogoleredwa ndi mbumba ya Smith mpaka 1996. Lero dzina lake ndi Community of Christ, kuyambira 2001, ndipo uli ndi anthu pafupifupi 250,000. Ukawamva akulalikira za mtendere ndi chilungamo ungayese ndi Amethodisti. Mu 1984 analandira vumbulutso lololeza akazi kukhala ansembe, ndipo pomwepo anthu masauzande anatuluka n'kuyambitsa timipingo tawo todziimira patokha, ena mwa iwo n'kudzapanga Remnant Church mu 2000. Mwaona? Vumbulutso latsopano, mpatuko watsopano.

Pali malo amodzi omwe nkhani yonseyi imaoneka ndi maso. Mu 1831 Smith analoza kamalo kena ku Independence, Missouri, kuti pamenepo padzamangidwa kachisi wa Ziyoni. Lero pamalopo pali kapinga basi, wotchetchedwa bwino. Eni ake ndi kampingo kakang'ono kotchedwa Church of Christ, ka otsatira a Granville Hedrick, omwe anabwerera ku Missouri mu 1867 n'kugula maloti pang'onopang'ono. A RLDS anawasumira m'zaka za m'ma 1890 koma malowo anatsalabe m'manja mwawo. Mu 1929 anakumba maziko, kachisi osamangidwa, m'malo mwake anagawikana pa nkhani ya Otto Fetting, mtumwi wawo yemwe ankati Yohane Mbatizi akumamuyendera ndi mauthenga. Ukaima pakapingapo, tsidya la msewu pali kachisi wa Community of Christ wa denga lopiringizika ngati chigoba cha nkhono, chapafupi pomwepo pali nyumba yolandirira alendo ya mpingo wa ku Utah. Mipingo itatu yoyang'anizana, iliyonse ikudziwa kuti malo olonjezedwawo ndi a wamng'ono kwambiri pa onsewo. Koma ndalama nazo zimalankhula: mu March 2024 Community of Christ inagulitsa kachisi woyamba wa ku Kirtland, Ohio, pamodzi ndi malo ena akale, ku mpingo wa ku Utah pamtengo wa madola 192.5 miliyoni.

Tsopano tifike pa mitala, yomwe ndi nkhawa yanu yeniyeni.

Joseph Smith anayamba mitala mobisa. Emma anakana zimenezi mpaka imfa yake, ndipo a RLDS anatha zaka zambiri akunena kuti anayambitsa ndi Young. Koma mu 2014 mpingo wa ku Utah unavomereza polemba kuti Smith anali ndi akazi pakati pa 30 ndi 40, ndipo wamng'ono kwambiri anali ndi zaka 14. Young anali ndi oposa 50. Mu 1852 mpingo unalengeza mitala poyera ngati lamulo la Mulungu. Boma la America linaukira ndi malamulo okhwima, makamaka la 1882 ndi la 1887, amuna ambiri anamangidwa, katundu wa mpingo analandidwa. Mu 1890 mtsogoleri wawo Wilford Woodruff analengeza kuti mitala yatha. Ena anapitiriza mobisa, mpaka mu 1904 mpingo unati aliyense wokwatira mitala achotsedwa.

Ndiye taganizani munthu yemwe bambo ake anagona m'ndende chifukwa cha chiphunzitso chimenechi, lero akuuzidwa kuti chatha. Ena anati atsogoleri agonjera boma, osati Mulungu. Ankati John Taylor, yemwe anatsogolera Woodruff asanalowe, analandira vumbulutso mu 1886 loti lamuloli silidzachotsedwa, ndipo anapatula amuna ena kuti alisunge. Pankhani imeneyi ndi pomwe pachokera magulu onse a mitala. Ambiri anakakhala ku Short Creek, m'malire a Utah ndi Arizona. Mu July 1953 apolisi a Arizona anazinga mudziwo usiku, kumanga amuna ndi kutenga ana. Zithunzi za amayi ndi ana akulira zinachititsa anthu kumvera chisoni amitalawo, ndipo kwa zaka zambiri boma linaopa kuwakhudzanso. M'katimo zoipa zinakula popanda wodzudzula.

Nawonso anagawikana: gulu la Allred, gulu la Kingston, gulu la LeBaron ku Mexico, lomwe mtsogoleri wake wina, Ervil LeBaron, analamula kuti Rulon Allred, mtsogoleri wa gulu la Allred, aphedwe mu 1977. Ku FLDS, gulu la ku Short Creek lija, Warren Jeffs analowa m'malo mwa bambo ake Rulon Jeffs mu 2002. Ankasankhira anthu mabanja, kulanda amuna akazi ndi ana n'kuwapereka kwa ena, kuthamangitsa anyamata. Anagwidwa mu 2006. Mu 2008 boma la Texas linachotsa ana oposa 400 pafamu ya gululi ku Eldorado, ndipo mu 2011 Jeffs analamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse chifukwa chogwirira atsikana awiri, wazaka 12 ndi wazaka 15. Ndiye munthu munamuonera uja.

Mpingo wa ku Utah suwawerenga anthu amenewa ngati ake. Ngakhale kuno komwe mwambo umalola mitala, mwamuna wa akazi awiri sabatizidwa. Komabe ndikuuzeni zoona: vumbulutso la mitala likadali m'malemba awo, gawo 132 la buku lawo la ziphunzitso ndi mapangano, ndipo mwamuna yemwe mkazi wake anamwalira atha kumangitsa ukwati wamuyaya m'kachisi ndi mkazi wachiwiri. Pansi pano ayi, kumwamba nkhani ina.

Chinanso chomwe mlongo wanu ayenera kudziwa ngati munthu wakuda: kuyambira nthawi ya Young mpaka June 1978, mpingowu sunkapereka unsembe kwa anthu akuda kapena kuwalola pa miyambo ya m'kachisi. A Strang, a Bickerton ndi a RLDS analibe lamulo lotere. Ku Ghana, Billy Johnson anasonkhanitsa anthu ambirimbiri ndi Buku la Mormon kuyambira 1964, n'kudikira zaka 14 kuti abatizidwe. Amishonale achinyamata kawirikawiri sayambitsa okha nkhaniyi, koma akafunsidwa ayenera kuyankha.

Za kumuletsa, ine sindikuona pomwe mungayambire, munthu wamkulu saletsedwa tchalitchi. Khalani naye pansi mumufunse ngati akudziwa zomwe akulowa. Azipereka chakhumi chathunthu. Adzamva za kubatizira akufa, ndi za malemba ena owonjezera pa Baibulo, zomwe abusa a kwanu sadzagwirizana nazo. Dzina loti Mormon musamamutchule nalo kwambiri, poti mu 2018 mtsogoleri wawo wa nthawiyo Russell Nelson anapempha kuti lisiyidwe. Mowa ndi fodya azisiya, khofi ndi tiyi chimodzimodzi. Ndiye akadzabwera kudzakuonani ku Zomba n'kukana kapu ya tiyi, musadzaganize kuti wakwiya. Mudzamuwiritsire mkaka.