Anamenyedwa mu selo: kudandaula kuli ndi phindu?

Mayi a ku Santhe, mwalemba kuti mwana wanu wa kabaza apolisi anamugwira usiku pamsika, anagona mu selo masiku anayi, anatuluka nthiti zikuwawa, ndipo munapereka K30,000 ya belo popanda lisiti. Amalume ake akuti muzisiye, boma salimbana nalo.

Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, kupatula ngati nthawiyo yathera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Kumenya munthu mu selo ndi mlandu.

Koma mwapita naye kuchipatala? Milandu yotere imafera pamenepa. Abale amamuthowa ndi madzi otentha, kumugulira Panado pagolosale, kudikira kuti apeze bwino. Pofika kwa loya zotupa zaphwa, mikwingwirima yazimiririka, kwatsala mawu a mnyamata kutsutsana ndi apolisi atatu onena chimodzi. Apite lero ku chipatala chachikulu pa Kasungu boma. Awauze adokotala momveka kuti anamenyedwa ali m'manja mwa apolisi, tsiku lakuti, ndipo zilembedwe choncho m'buku lake lakuchipatala. Ambiri chifukwa cha mantha amati "ndinagwa pa njinga", ndipo mawu amenewo loya wa boma adzawawerenga mokweza m'khoti. Mwina kuchipatalako akuuzani kuti mukatenge kaye kalata kupolisi, komwe anamumenyako! Akakukanizani, lembani dzina la wokanayo ndi tsiku, mnyamatayo alandirebe chithandizo. Mabalawo muwajambule pafoni.

Dandaulo likhale lolemba, musunge kope. Lipite ku Independent Complaints Commission, bungwe lofufuza apolisi lomwe lili m'lamulo la apolisi la 2010 koma linakhazikitsidwa mu 2020; zaka khumi zonsezo akuluakulu ankangoyang'ana. Kope lina ku Malawi Human Rights Commission, bungwe loona za ufulu wa anthu. Ngati mukufuna chipukuta misozi, a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya, angakuthandizeni kulembera Attorney General, loya wamkulu wa boma, chifukwa boma silisumiridwa lisanapatsidwe chidziwitso cha miyezi itatu.

Sindikulonjezani kupambana, ndipo zimachedwa. Amayi 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, omwe anachitiridwa nkhanza ndi apolisi, khoti lalikulu linawagamulira chipukuta misozi mu 2020, koma umboni wawo unali utalembedwa. Za K30,000 zija zivutirapo popanda lisiti, pokhapokha pali amene anaona mukupereka. Wapolisi akabwera kunyumba ndi ndalamazo kuti mukambirane, musasayine pepala lililonse, ngakhale amalumewo akukakamizeni.