Za mpira wafunsa uja, msuweni

Eee, msuweni... dikira kaye ndizimitse galimotoyi. Eya. Funso lako ndaliona pagulupa ndili kuntchito, ndinangoseka ndekha. Akuti, "Mpira wanji umenewu wovala zisoti ngati akabaza, nanga tikiti yake ndi ndalama zingati?" Iweyo kufunsa za mpira? Iwe amene Bullets ikamasewera ndi Wanderers umafunsa kuti ofiirawo ndi ati? Chabwino, ndiyankha, poti wafunsa pamaso pa akuluakulu.

Umenewu ndi mpira wa ku America, ndipo masewero amene aja amatchedwa Rose Bowl. Amachitikira ku Pasadena, ku California uko, pa 1 Januwale chaka ndi chaka, kupatula tsikulo likagwera Lamulungu, apo amasewera pa 2. Osewerawo ndi ana asukulu, msuweni, ana a yunivesite. Ligi yawo ikatha kumayambiriro kwa Disembala, matimu amene achita bwino amaitanidwa kukasewera masewero apadera oterewa, ndiye alipo ambirimbiri, koma awa ndiwo akale kuposa onse. Anayamba 1902. Ndipo chaka chimenecho Michigan inakwapula Stanford 49 kwa 0, mpaka anyamata a Stanford anapempha okha kuti basi tilekere pomwepa nthawi isanathe. Eni mwambo anakhumudwa, anausiya mpirawo n'kumachita mipikisano ya ngolo zokokedwa ndi mahatchi, kudzayambiranso 1916.

Lolemba lapitali, pa 1 Januwale 2024, inali Michigan yomweyo ndi Alabama. Anthu oposa 90,000 m'bwalo, kudzaonera ana asukulu. Malamulo ake... aaa, ndikuuze pang'ono chabe. Mbali iliyonse anthu 11. Amakupatsani mwayi kanayi kuti musunthe mpira mayadi 10, mukakwanitsa akupatsaninso kanayi kena, mukalephera mpira ndi wa anzanu. Mukaufikitsa kumapeto kwa bwalo ndi mapointi 6. Ndiye Alabama imatsogola 20 kwa 13, kutangotsala pang'ono Michigan inabweza, 20 kwa 20. M'nthawi yowonjezera kamnyamata kena kafupi, Blake Corum, kanadutsa pakati pa zimphona n'kugoletsa. Alabama itatsala ndi mayadi 3 okha, mwayi womaliza, Jalen Milroe anathamanga nawo yekha, anangomugwetsera pomwepo. 27 kwa 20. Michigan inapambana, ndiye Lolemba lotsatira, pa 8 Januwale 2024, ndi Washington ku Houston, kulimbirana chikho cha mayunivesite a America yense.

Koma bwalo limenelo ukulidziwatu iwe. Ayi, sukulidziwa, unali kumsana. Amalume akulidziwa, bambo ako aang'ono a ku Balaka. Afunseni za Pasadena muone ngati sakutulutsani m'nyumba. Achimwene aakulu ali pagulu pomwe pano, anditsutse ngati ndikunama.

Inali 1994, mu Julaye, zisankho zija zitangodutsa. Fainolo ya World Cup, Brazil ndi Italy, bwalo lake lomweli. Nthawi imeneyo TVM kunalibe, inadzabwera 1999. Koma amalume paja ankaphikira ansembe a ku Italy ku mishoni, ndipo kumeneko kunali dishi ndi jenereta. Amalume anali atasanduka Mtaliyana weniweni. Nsima ankati ndi yolemera m'mimba, iwo akufuna supageti. Moni ankapereka m'Chitaliyana, agogo n'kumangowayang'ana. Ndiye anakabetcherana ndi aphunzitsi aja a njinga yopanda mabuleki kuti Italy iwina. Anabetcha chiyani? Mbuzi. Osati yawo ayi, mbuzi ija, ya nkhani ya anti a ku Ntcheu ija. Ukuidziwa nkhaniyo, sindiibwereza pano, ana ali pagulu.

Usiku umenewo ananditenga ine kuti ndiziwanyamulira tochi. Tinakhala pansi pa simenti, ana kutsogolo, akuluakulu pamabenchi a kwaya. Amalume anavala jekete ya pachikwati chawo, m'thumba muli korona. Mpira unatha wopanda chigoli, nthawi yowonjezera wopandanso chigoli, basi mapenate. Amalume anagwada, msuweni, kugwada kwenikweni, korona m'manja. Baresi anaponya kumwamba, iwo amvekere, "Osadandaula, Baggio alipo." Wina anamugwirira goloboyi, iwo, "Baggio alipo." Kenako Baggio uja anabwera, katsitsi kake kakulendewera kumbuyo, anaika mpira bwinobwino, kubwerera m'mbuyo... fwaa, pamwamba pa golo. Wansembe mmodzi anangodzuka n'kukazimitsa jenereta, anthu tikadali m'kati. Mdima bii. Ndiye m'mdimamo tinangomva aphunzitsi aja, mwaulemu wawo wonse, akuti, "Ndidzabwere mawa nthawi yanji ndi chingwe?"

Pobwerera sanayankhule njira yonse. Tochi anandilanda. Mmawa agogo atapeza khola lili pululu... ayi, ndanama, linali ndi kamwana kamodzi kakulira... anawathamangitsa ndi mthiko mpaka kuseri kwa nkhokwe. Munthu wamkulu, wa ana atatu. Ndiye galu uja munkamuitana kuti Bajo muli ana, mumayesa dzina la kumudzi? Anali Baggio ameneyo. Amalume ankati amupatse dzinalo kuti azimukalipira tsiku lililonse.

Iii, ndafika patali. Ndimati chiyani paja? Tikiti.

Msuweni, ine ndimakudziwa. Tinakulira mphika umodzi. Iwe ukamafunsa mtengo wa chinthu sikuti ukufuna kugula ayi. Waona chithunzi chija ndavala jezi ya buluu ya chilembo M, kumbuyo kwanga kuli bwalo lodzaza, ndiye mumtima mwako wati, ehe, munthu uja ali ndi ndalama zopitira ku California koma feteleza wa amayi mpaka lero zii. Si choncho? Usakane, ndikukuona ukuseka.

Ine ku Pasadena sindinapondeko. Kuchokera ku South Bend kuno ndi ulendo wa pandege, si pafupi. Chija ndi TV ya mnzanga wa kuntchito, yaikulu yodzaza khoma, ine ndangoima patsogolo pake. Jeziyo ndi yake, ukaonetsetsa manja ake akundipitirira. Ndinapitako ndi thumba la tchipisi basi, ndipo mpira utangotha ndinathamangira shifiti ya usiku kukatembenuza nkhalamba zimene ndimasamalira. Kwanuko n'kuti kukucha, paja unayamba 12 koloko ya usiku nthawi ya kumudzi, n'chifukwa chake foni ya amayi sindinayankhe.

Ndalama ya feteleza wobereketsa ilipo, sinadyedwe. Ndikulandira Lachisanu, ndipo Lachisanu lomwelo ndikutumiza. Ndikudziwa kuti mitengo inakwera kwacha itagwa mu Novembala muja, ndiye undiuze mtengo wa lero wa thumba la yuriya, osati wa chaka chatha, ndiwonjezerepo ya kabaza wokasiya kumunda.

Uwauze amayi asagulitse nkhuku zija. Lachisanu. Ndipo nditumiza kwa iwe, pa nambala yako ya Airtel ija, osati kwa amalume, ngakhale akuuze kuti ndawatuma ndine.

Wamva? Mpira ndinaonera ulere, feteleza akubwera Lachisanu. Unditumizire mtengowo usiku uno ndisanalowe ntchito.