Ganyu wa mafutayu ine ndinamugwirapo

Achimwene, poti mukuganiza zokagwira ganyu wokolopa mafuta otayika koma mukuopa kuti angakuwonongeni magazi, musamuone kuphweka ganyuyo, ine mpaka lero ndikamva fungo la petulo mseru umayamba. Thanka inagwa mseu wa ku Monkey Bay mafuta onse kuyenderera m'khwawa lopita kunyanja, kunabwera abwana ena ake ndi pikapu kufuna anyamata, ife poti usipa sunkaphedwa nthawi imeneyo tinangokwera osafunsa. Anatipatsa mafosholo, ndowa ndi matumba a utuchi basi. Magolovesi akuti akubwera, majombo akubwera, mpaka ntchito kutha zinthu zikubwerabe.

Tsiku lachiwiri masana ndi limene sindidzaiwala. Dzuwa la kuno mukulidziwa, ine ndili m'matope mpaka m'mawondo ndi mapatapata, mpweya wa petulo ukuchita kuoneka ukukwera, mutu ukuwawa ngati wina akukhoma msomali, kenako mnzanga amene tinkadzaza naye ndowa anayamba kuseka yekhayekha ngati waledzera, maso psuu, ndikumufunsa chavuta nchani munthu uja anangogwa chafufumimba m'matope momwemo. Tinamukoka awiri, matope a mafuta ali mkamwa, akusanza, ine manja akunjenjemera. Kapitawo nthawi yonseyo ali m'pikapu watseka magalasi, iye yekha wavala masiki, anangotsitsa galasi pang'ono nkuti mumwetseni mkaka akhala bwino. Mkaka! Kapitawo ameneyu ndikadzakumana naye sindidziwa, ndipo ya tsiku lomaliza sanatilipire akuti tinaweruka msanga. Usiku khungu la m'miyendo linatuwa nkuyamba kusupuka, nsima imamveka petulo. Chondiwawa kwambiri, zovala zija anachapa mayi a kunyumba ndi manja awo, ali oyembekezera, ine osaganizako nkomwe.

Zowononga magazi mukuopazo si nthano ayi. Mu petulo komanso mafuta osayenga muli mankhwala oopsa otchedwa benzene, amalowa popuma komanso pakhungu nkukafika mkati mwa mafupa momwe magazi amapangidwa, ndipo amadziwika kuti amayambitsa khansa ya m'magazi, mkaka ulibe nazo ntchito. Sitima yonyamula mafuta ya Prestige itamira ku Spain mu 2002 asodzi ngati ife tomwe anali m'gulu la amene anakakolopa mafutawo m'mphepete mwa nyanja, patapita zaka ziwiri madokotala atawayeza anapeza kuti amene anagwira ntchitoyo anali ndi mavuto a chifuwa komanso ma chromosome owonongeka m'magazi kuposa anzawo amene sanapite. Ma chromosome ndi momwe mumakhala DNA, malangizo a mmene thupi limapangidwira, ikamaduka ndi pamene khansa imapezera poyambira. Anayezedwawo ndi asodzi eni ake osati ana awo, nde musathamangire kuti mudzabereka opunduka, wanga anabadwa bwinobwino ndipo pano akuvuta ku sukulu. Komabe ine chimfine chikangotenga masabata awiri tulo sindigona, ndimaganiza za khwawa lija.

Nde musapite achimwene. Koma ndikudziwa Januwale akafika zonsezi mudzaziiwala, nane atabweranso mawa mwina nkukwera, fizi siimva za benzene. Mukapita ndalama muvutane nawo musanatsike m'matope, tsiku lililonse ilowe m'thumba madzulo. Majombo ndi magolovesi a labala zikhale m'manja mwanu osati zikubwera, timasiki tansalu ta korona tija sititchinga mpweya wa petulo. Muziima mphepo ikuchokera kumsana kwanu, muzituluka pafupipafupi kukapuma pamthunzi patali, fodya ndi machesi musiye kunyumba. Mukaweruka samba ndi sopo, osati kuchotsa mafuta ndi parafini ngati mmene tinkachitira ife, zovala muchape nokha panja. Ndipo zotunga mafutawo m'zigubu kukagulitsa kwa a kabaza ayi, ngakhale ine ndinatungako ziwiri, zinandithandiza kugula mankhwala a miyendo yomweyo.