Yankho kwa Achemwali: Filimu ya Zopeka za Sayansi Yoyenera Kuonera ndi Mnyamata Wathu

Moni nonse a m'gulu lathu lino, makamaka inu achemwali amene mwabweretsa funsoli. Ndasankha kujambula mawu chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, ndipo pa foni sindingailembe bwino yonse. Mwanena kuti mnyamata wanu, amene tsopano ali Fomu 3, wayamba kukonda kwambiri nkhani za m'mlengalenga, za maloboti ndi za dziko la m'tsogolo, ndipo mukufuna filimu ya pa TV ya magawo ambiri, ya zopeka za sayansi, imene angaonere pa tchuthi chino inu osada nkhawa kuti imuonongera khalidwe. Mwafunsanso ngati ilipo yoti inu ndi alamu mungakhale naye pansi n'kuonera limodzi popanda kuchita manyazi.

Ine ndikusankhirani Star Trek: Deep Space Nine. Inapangidwa ku America, inaonetsedwa kuyambira 1993 mpaka 1999, ndipo ili ndi magawo 176, gawo lililonse lotalika pafupifupi mphindi 45. Ndikudziwa kuti mnyamatayu akamva zaka zimenezi anyinyirika kuti amalume akumupatsa zakale, koma mumuuze kuti ayambe waonera, adzadandaule pambuyo pake.

Mafilimu a Star Trek anayamba mu 1966 ndi Gene Roddenberry, ndipo ambiri mwa iwo amatsata chombo chimene chikuyendayenda m'mlengalenga, lero chafika dziko ili, mawa chafika lina, kuthetsa vuto n'kumapita. Deep Space Nine inasiyana nawo pa mfundo imodzi imene ndi chifukwa chachikulu chimene ndimaikondera: anthu ake sachoka. Amakhala pa siteshoni ya m'mlengalenga imene ili pafupi ndi dziko lotchedwa Bajor, ndipo chimene alakwitsa lero amadzakumana nacho chaka chamawa, pakati pa anthu omwewo amene anawalakwira. Kwa mwana wa msinkhu wake, amene akuyamba kudzisankhira yekha zochita, ndikuona kuti nkhani yotere ndi yaphindu kuposa ija imene ngwazi imaphulitsa zinthu n'kuthawa.

Nkhaniyo imayamba pamene mtundu wa Cardassia, umene unalamulira Bajor mwankhanza kwa zaka pafupifupi 50, wangochoka kumene. Asiya dziko lophwasuka, minda yoonongeka, ana amasiye, ndi boma longogwirizira limene atsogoleri ake sakumvana. Siteshoni yomweyo kale inkatchedwa Terok Nor, ndipo anthu a ku Bajor ankagwiritsidwamo ntchito yakalavulagaga yoyenga miyala ya m'migodi. Aliyense amene anaphunzira za thangata m'minda ya atsamunda kumwera kwa dziko lathu sadzavutika kumva ululu wa anthu amenewa, ngakhale kuti olemba filimuyi sankanena za Malawi. Boma latsopanolo limapempha thandizo kwa mgwirizano wa maiko wotchedwa Federation, ndipo iwo amatumiza Benjamin Sisko kuti ayang'anire siteshoniyo. Womuthandiza wake ndi mayi wa ku Bajor, Kira Nerys, amene anamenya nawo nkhondo yachiwembu yomasula dziko lake kuyambira ali mtsikana, ndipo iye sabisa kukayika kwake: kodi alendo atsopanowa, amene abwera ndi mawu okoma ndi thandizo, sakhalanso atsamunda ena? Funso limeneli filimuyi siliyankha mwachangu, imalisunga kwa zaka.

Koma chimene ndikufuna kuti inu ndi alamu muchionetsetse ndi Sisko monga bambo. Amene amasewera gawo lake ndi Avery Brooks, ndipo anali munthu wakuda woyamba kusewera gawo la mtsogoleri wamkulu m'filimu ya pa TV ya Star Trek. Sisko ndi bambo amene mkazi wake, Jennifer, anafa pa nkhondo, ndipo akulera yekha mwana wake wamwamuna, Jake. Amamuphikira, amamukumbatira pagulu, amamudzudzula akalakwa, ndipo amakhala naye pansi kukambirana za atsikana ndi za sukulu. Agogo ake a Jake ali ndi malo odyera ku New Orleans, choncho kuphika ndi mwambo wa banja lawo, ndipo ngakhale pa siteshonipo pali makina otulutsa chakudya chopsa kale, Sisko amakondabe kugwira mphika ndi manja ake. Ndaonera mafilimu ambiri, koma ndi ochepa amene amaonetsa bambo wakuda ndi mwana wake mwachikondi chotere, mosalekeza, kwa zaka zisanu ndi ziwiri, mwanayo akukula ife tikuona.

Pali nkhani ina yaing'ono m'chaka choyamba imene imandikhudza nthawi zonse. Jake amapalana ubwenzi ndi Nog, mnyamata wa mtundu wa Ferengi, anthu amene moyo wawo wonse ndi malonda ndi phindu. Sisko sakondwera nawo ubwenziwo chifukwa Nog ndi wopulupudza, ndipo Jake akayamba kubwera mochedwa kunyumba, bamboyo amamutsatira kuti akamugwire akuchita zolakwika. Amakamupeza ali pamalo obisika akuphunzitsa Nog kuwerenga. Patapita zaka, Nog yemweyo amapempha Sisko kuti amulembere kalata yomuvomereza kulowa sukulu ya Starfleet, gulu la asilikali a m'mlengalenga a Federation, ndipo amakhala woyamba wa mtundu wake kuvala yunifolomu imeneyo. Jake yekha, amene aliyense ankayembekezera kuti atsata mapazi a bambo ake, amakana usilikali n'kusankha kukhala wolemba nkhani, ndipo Sisko, ngakhale zikumudabwitsa, amamulola ndi kumulimbikitsa. Achemwali, inu mukudziwa mmene timakhalira ife makolo ndi amalume pa nkhani ya ntchito imene mwana ayenera kudzagwira. Gawo limeneli likhoza kutsegula kukambirana kumene mwina kwakhala kovuta kuyamba pakhomopo.

Ngati mukufuna kulawa kaye musanadzipereke ku magawo onsewo, yambani ndi gawo loyamba lenileni, lotchedwa "Emissary", kuti mudziwe anthu ake, kenako mupite ku "Duet", limene lili chakumapeto kwa chaka choyamba. M'gawo limeneli mulibe nkhondo ya zombo. Nkhani yake yagona pa anthu awiri m'chipinda cha ndende: Kira, ndi munthu wa ku Cardassia amene wapezeka ndi matenda amene anagwira anthu okhawo amene anali pa msasa wa ukapolo wa Gallitep. Iye akuti anali kalaliki wamba wosunga mafailo, pamene Kira akukhulupirira kuti ndi mkulu amene ankapha anthu kumeneko. Sindikuuzani mathero ake, koma gawoli limafunsa ngati munthu amene ankamva kulira kwa ozunzidwa usiku uliwonse, osachitapo kanthu chifukwa cha mantha, ali wolakwa, ndiponso ngati kukhala wa mtundu wa ozunza n'kokwanira kuti munthu alangidwe. Mwana amene akuphunzira mbiri ku sekondale ayenera kukumana ndi mafunso otere.

Lina ndi "The Visitor", la m'chaka chachinayi. Ngozi imachitika m'chombo, Sisko amazimiririka Jake akuona, ndipo onse amamuyesa wakufa. Koma amaonekeranso kwa mwana wake kwa mphindi zochepa, pakapita miyezi kapena zaka, iye osakalamba pamene Jake akukalamba. Jake amasiya kulemba, banja lake limatha, moyo wake wonse umathera pa kufunafuna njira yobwezera bambo ake, pamene bamboyo akaonekera amamuchonderera kuti amuleke apite, akhale moyo wake. Tony Todd ndi amene amasewera Jake atakalamba. Ife tonse m'gulu lino tinaikapo maliro a anthu amene tinkawakonda, choncho ndikuchenjezeni kuti gawo limeneli ndi lolemera, ndipo musaonere tsiku limene mtima uli kale pansi.

Lachitatu ndi "Far Beyond the Stars", la mu 1998, limene Avery Brooks mwiniwake anatsogolera kujambula kwake. Sisko amaona masomphenya ali munthu wina, Benny Russell, wolemba nkhani zopeka za sayansi mu New York wa m'zaka za m'ma 1950. Benny amalemba nkhani ya siteshoni ya m'mlengalenga yolamulidwa ndi kapiteni wakuda, ndipo mkonzi wa magazini amakana kuisindikiza ponena kuti owerenga sangakhulupirire zotere. Muli mawu otukwana anthu akuda ndi apolisi akumenya munthu, choncho ndi bwino kuti mudzakhale naye pafupi mnyamatayu. Gawoli limatsamira pa mbiri yeniyeni. Mu Star Trek yoyamba ija munali Nichelle Nichols, mayi wakuda amene ankasewera Uhura, msilikali woyang'anira za mauthenga m'chombo, panthawi imene akazi akuda pa TV ya ku America ankapatsidwa kwambiri magawo a antchito a m'nyumba. Iye anafotokoza kuti atafuna kusiya, Martin Luther King Jr. ndi amene anamulimbikitsa kuti apitirize. Mae Jemison, mayi wakuda woyamba kupita m'mlengalenga, mu 1992, ananena kuti Uhura anali mmodzi mwa amene anamupatsa chidwi ali mwana. Ndikutchula zimenezi chifukwa ena amaona ngati mafilimu otere ndi kutaya nthawi chabe, pamene alipo anthu amene anayamba kukonda masamu ndi sayansi chifukwa cha iwo.

Popeza banja lathu ndi lopemphera, ndinene za chipembedzo. Pafupi ndi siteshoniyo pali mpata wodabwitsa umene chombo chikalowamo chimatulukira kutsidya lina la mlalang'amba m'kanthawi kochepa, ulendo umene ukanatenga zaka zambirimbiri. M'mpatamo mumakhala zolengedwa zimene anthu a ku Bajor amazilambira n'kumazitcha Aneneri, pamene asayansi a Federation amangoziona ngati zamoyo zachilendo. Sisko amapezeka pakati, chifukwa anthu a ku Bajor amamutenga ngati nthumwi ya Aneneriwo, udindo umene poyamba saufuna. Filimuyi sinyoza chikhulupiriro. Kira ndi munthu wopemphera moona mtima, ndipo chikhulupiriro chake ndi chimene chinamulimbitsa pa nthawi ya nkhanza. Koma muli mtsogoleri wachipembedzo, Winn, amene amagwiritsa ntchito dzina la Aneneri pofuna mpando ndi ulamuliro. Mnyamatayu adzakufunsani mafunso pa zimenezi, ndipo ndi bwino kuti adzawafunse inu.

Zoti musamale nazo zilipo. Pa siteshonipo pali bala ya Quark, mkulu wawo wa bambo ake a Nog, kumene anthu amamwa ndi kutchova juga, ndipo akazi ena a kumeneko savala modzilemekeza. Muli nkhani za chikondi ndi kupsompsonana, ngakhale kuti zamaliseche mulibe. Kuyambira chakumapeto kwa chaka chachisanu kumabuka nkhondo yaikulu ndi ufumu wotchedwa Dominion, anthu amafa, ndipo Nog amaduka mwendo ku nkhondoko n'kuvutika maganizo kwa nthawi yaitali. Magawo ena a zaka ziwiri zoyambirira amayenda pang'onopang'ono, ndipo chithunzi chake ndi chakale, chopanda kuwala kwa mafilimu a masiku ano, koma ubwino wake n'ngwakuti sichifuna intaneti yamphamvu, komanso filimuyi inatuluka pa DVD. Chingelezi chake n'chomveka bwino, ndipo mukamuikira mawu olembedwa m'munsi, chimuthandizanso pa mayeso.

Mwina anzake amuuza za The Expanse, imene inaonetsedwa kuyambira 2015 mpaka 2022 ndipo ili ndi magawo 62. Ndi filimu yabwino kwambiri, ndipo pa sayansi yeniyeni ya mmene zombo zimayendera imaposa Star Trek. Imanena za mkangano wa pakati pa Dziko Lapansi, Mars ndi anthu osauka amene amakumba migodi m'miyala ya m'mlengalenga, amene amalipira ngakhale madzi ndi mpweya wopuma. Komabe muli kutukwana kwambiri, magazi ndi zogonana, choncho imeneyo ayembekeze kaye akule. Black Mirror, ya Charlie Brooker, imene inayamba mu 2011, ndiyo musamulole n'komwe panopa, ngakhale kuti inu akuluakulu ingakupatseni maganizo pa mmene mafoniwa akutisinthira.

Kwa mlongo wake wamng'ono uja, kuti asaone ngati amuiwala, pali Supa Team 4 pa Netflix, zojambula za makatuni zimene zinatuluka mu 2023. Anaziyambitsa Malenga Mulendema wa ku Zambia, ndipo zimanena za atsikana anayi a sukulu amene amateteza mzinda wa Lusaka wa m'tsogolo. Palinso Kizazi Moto: Generation Fire pa Disney+, ya chaka chomwecho, nkhani khumi zazifupi zopangidwa ndi anthu a ku Zimbabwe, South Africa, Uganda, Kenya, Nigeria ndi Egypt, ngakhale kuti zina mwa izo zingamuopse mwana wamng'ono kwambiri, ndiye muyambe mwaziona inu.

Pempho langa ndi lakuti musamulole kumeza magawo khumi tsiku limodzi ali yekha kuchipinda ndi foni. Gawo limodzi kapena awiri madzulo, mutatha kudya, pa TV ya pabalaza, n'zokwanira, ndipo tchuthi chikatha adzapitiriza Loweruka ndi Lamlungu lokha. Akamaliza "Duet", mumuuze andiimbire, chifukwa ndikufuna kumva kuchokera kwa iye mwini ngati akuganiza kuti kalaliki uja anayenera kuimbidwa mlandu. Mupereke moni kwa alamu ndi kwa ana onse.